Osamugwedeza Jailosi Akagona

Sendererani pafupi, ndipo iwe amene ukusinza apo usaope, palibe amene akugwedeze pano. Ena mwa inu mumadzutsa anzanu ngati mukukutumula thumba la ufa: kukoka bulangete, kuponda mwendo, kukuwira m'khutu. Nkhani iyi ndi yanu. Idachitika kumapiri a ku Ntcheu, kumene mame a m'mawa amaluma zala, m'mudzi umene sindiutchula chifukwa eni ake akadali moyo, ndipo ndi anthu osachedwa kupsa mtima.

M'mudzimo mudabwera mtengwa wina dzina lake Enelesi, wochokera kuchigwa cha ku Balaka. Enelesi adakulira m'nyumba yosalemekeza tulo. Mayi ake ankakazinga zitumbuwa zogulitsa pamsewu, ndipo mwana wochedwa kudzuka ankalandira chikho cha madzi ozizira kumaso. Choncho mtsikanayo adakula akugona khutu limodzi lili panja. Khoswe akadutsa padenga, iye adali atamumva kale. Tambala woyamba ankamupeza atakoleza moto. Kwa Enelesi, munthu wogona dzuwa litatuluka adali wodwala kapena wakuba, wachitatu padalibe.

Ndiye onani mwamuna amene adamugwera: Jailosi.

Tisamunamizire, Jailosi adali munthu wabwino. Sankadziwa kukweza dzanja kapena mawu. Akapita kuphiri ankabwera ndi masuku m'chipewa, n'kumusankhira mkazi wake okupsa bwino. Kukazizira ankamufunditsa mapazi m'manja mwake, akumutchula kuti Ene, dzina limene wina aliyense sankamuitana nalo. Koma tulo take, abale! Akangofika pamphasa ankatikita phazi ndi phazi linzake, n'kuyamba kankhani kena, ndipo asanakamalize adali atapita. Sankatembenuka, sankaliza mkonono, sankadzuka ngakhale kukataya madzi. Ankangogona chagada ngati chipika mpaka dzuwa kukwera pamwamba pa mitengo ya bulugamu.

M'mawa woyamba weniweni, Enelesi akufuna kulowa kuti akamudzutse, apongozi ake a Nangozo, mayi a Jailosi, adamugwira chitenje pakhomo.

"Iwe mtengwa, tamvera kuno. Mwana wangayu akagona, osamugwedeza. Osamukoka mwendo, osamukuwira. Ukafuna kuti adzuke, tsegula chitseko chonse, ukhale pakhonde, uzimuitana pang'onopang'ono. Ukamva wayetsemula, ndiye kuti wafika. Asanayetsemule usalowe."

"Wafika kuchokera kuti, amayi?"

"Ndakuuza zoti uzichita. Zinazo si zako."

Enelesi adagwada n'kuvomera, poti adali mlendo. Koma m'mtima adati: mwana wolera ndi dzanja limodzi ndi ameneyu, amusasatitsa mpaka ndevu zamera.

M'chilimwe zidapiririka. Enelesi ankatunga madzi, kusesa, kuphika phala, kenako n'kukhala pakhonde ngati wopempha mchere, akuitana chapansipansi: "A Jailosi, kwacha. A Jailosi, kwachatu." Nthawi zina phala linkazizira mpaka kugwira khungu pamwamba. Kenako m'nyumba munkamveka kuyetsemula, ndipo Jailosi ankatuluka akukoka miyendo, maso ofiira, n'kudzigwetsa pakhondepo ngati munthu wochokera ulendo.

"Pepa, Ene. Ndachedwanso."

"Mwachedwa kuti? Pamphasa pali mtunda?"

Iye ankangoseka mwamanyazi n'kupempha madzi akumwa. Ankamwa zikho zingapo osapumira.

Tinthu tina tidayamba kumuvuta Enelesi. Munthu wosagwira khasu m'mawa adali ndi matuza m'manja, ena ophulika kumene. Akamachapa nsalu yofunda, cha kumapazi ankapeza katondo, dothi lofiira lija, chonsecho minda ya m'mudzimo ndi ya dothi lakuda. Kuseri kwa chitseko kunkakhala khasu lakale, la mpini wosalala ndi thukuta, limene a Nangozo adati lidali la malemu amuna awo a Dzonzi ndipo wina asalikhudze. Enelesi akadzuka m'bandakucha, khasulo ankalipeza palibe, mpiringidzo wa chitseko uli chitsekere. Jailosi akayetsemula, khasu lija lili pamalo pake, dothi lake lonyowa. Ndiponso galu wawo Ndaona adali ndi kachitidwe kena. Nthawi yoitana ija ankapita kumathero a bwalo, n'kuyang'ana njira ya kudambo, n'kuyamba kugwedeza mchira. Kenako ankabwerera pang'onopang'ono mpaka pakhomo, akuyang'ana m'mwamba pambali pake, ngati akuperekeza munthu.

Tsiku lina Enelesi akuchokera kudambo kukathyola ndiwo, nkhungu isanachoke, adakumana ndi bambo wina wosamudziwa. Adali atasenza khasu paphewa, miyendo yake yofiira mpaka m'mawondo. Adapatuka mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Anzathu aja atsala m'mbuyomu, akumaliza mzere. Akulu aja salola kusiya mzere pakati."

"Anzanu ati?"

Bamboyo adangowomba m'manja n'kupitirira. Enelesi atafunsa m'mudzi, padalibe amene ankamudziwa munthu wotero, ndipo amene adawafunsawo adasintha nkhani msanga.

Madzulo ake adamupanikiza mwamuna wake. "Tandiuzani zoona. Mukagona mumapita kuti?"

Jailosi adayang'ana manja ake. "Sindidziwa, Ene. Ndimangolota ndikulima munda wosaoneka mathero. Patsogolo panga pamakhala munthu, satembenuka. Ndikafuna kupuma amangokhosomola, ine n'kuweramanso. Ndikamva mawu ako ndi pamene ndimayamba kubwerera. Koma n'kutali."

"Ndiye munda wa kumaloto mumalima, wa kuno ndilime ndekha? Chimanga cha kumaloto tidzadya?"

Jailosi adafuna kuyankha, koma mapazi adali atayamba kale kutikitana. Mawu adathera m'kamwa.

Nyengo yolima idafika Enelesi ali ndi pakati. Mizere adaunda yekha, msana ukuwotcha, pamene anzake ankalima awiriawiri ndi amuna awo. Jailosi ankabwera kumunda dzuwa lili paliwombo, n'kutema pang'ono, n'kutsamira mpini akupuma movutika. Kumjigo akazi sadamusiye.

"Enelesi, tatiuze, ng'ombe zija anapereka kuti ukwatiwe ndi munthu kapena ndi bulangete?"

"Musamuseke," adatero wina. "Mwamuna wake sasochera. Pamene wamusiya ndi pamene umupeze."

Adaseka mpaka kugwirana mapewa. Enelesi adasenza ndowa yosadzaza n'kuchoka, madzi akumukhavukira kumsana. Adakwiyira akaziwo, adakwiyira a Nangozo ndi malamulo awo, adakwiyira mayi ake omwe amene adalandira ng'ombe osafunsa kuti mkamwini amadzuka nthawi yanji. Koma koposa onse adakwiyira munthu wofatsa uja, chifukwa munthu wopepesa tsiku lililonse ndi wovuta kukangana naye, ndipo mkwiyo wosowa potulukira umangokula.

Kenako idagwa mvula yodzalira. Idagwa usiku wonse, ndipo kutacha dziko lonse linkanunkhira dothi. Mudzi wonse udatuluka ndi mbewu m'mabeseni, ana ndi akulu omwe, poti mvula yotere siidikira munthu. Enelesi adatsegula chitseko, n'kukhala pakhonde.

"A Jailosi, kwacha. Mvula yagwa, tiyeni tikadzale."

Zii.

"A Jailosi, anzathu apita kale."

Panjira padadutsa akazi a kumjigo aja. Mmodzi adatsanzira mawu ake, kang'onong'ono: "A Jailosi, kwachatu." Kuseka kudamveka mpaka kuseri kwa nkhokwe. Nthawi yomweyo mwana adapondaponda m'mimba. Ndaona adali kumathero a bwalo, atangoyamba kumene kugwedeza mchira. Enelesi adamuona galuyo, adadziwa tanthauzo lake, koma adali atatopa kudikira anthu ochokera kutali.

Adalowa. Adakoka bulangete n'kuliponya uko. Adamugwira mapewa onse awiri n'kumugwedeza mpaka mutu kumenya pansi.

"Iwe! Dzuka! Dzuka, mlesi iwe! Ndinakwatiwa ndi mtembo ine? Dzuka!"

Adatenga chikho cha madzi n'kumukhuthulira kumaso, monga ankachitira mayi ake. Panja galu adalira kulira kwina, kotalika, kumene agalu salira masana.

Maso adatseguka. Sadayetsemule.

Munthuyo adakhala tsonga nthawi imodzi, osayasamula, osadzinyolola. Adayang'ana manja ake, kuwatembenuza uku ndi uku, ngati munthu woyesa jekete lobwereka. Kenako adaimirira n'kulunjika kuseri kwa chitseko. Khasu la malemu lija lidali pomwepo, matope ofiira akudontha. Adalinyamula, n'kutuluka osamuyang'ana nkomwe mkaziyo.

A Nangozo adabwera akuthamanga, mpango uli m'manja. Adaona msana wa mwana wawo ukulowera kumunda.

"Wayetsemula?"

"Wadzuka. Si zimene timafuna?"

"Ndikufunsa kuti wayetsemula?"

Enelesi adapukusa mutu. A Nangozo adadzimenya m'ntchafu. "Mayo ine! Wachita chiyani iwe mwana wopanda makutu? Tamvera tsopano, ngati ungamve. Usiku uno akangogona, utsegule chitseko chonse, uitane. Koma agone kaye. Akapanda kugona, palibe polowera."

Munthu uja sadagone. Madzulo miyendo idamubweretsa m'nyumba momwe idazolowera, koma pamphasa sadapayandikire. Adakokera kampando pakona, n'kukhala atapenya kukhoma, msana uli kwa Enelesi. Adakhala chomwecho mpaka tambala, ndipo tambala atangolira adanyamula khasu. Usiku wotsatira chimodzimodzi. Wotsatiranso chimodzimodzi.

Koma kulima kwake! Munda wawo adaudzala n'kuumaliza. Adalowa wa a Nangozo, umene udagonera zaka, n'kuugalauza wonse. Adatsegula tsala la kuphiri limene anthu adalitaya kalekale chifukwa cha miyala. Akazi a kumjigo adasintha nyimbo. "Enelesi, wamudyetsa chiyani? Tigawireko, athu aja nawonso akulemera m'mawa." Ndipo tisabise, masiku oyambirira Enelesi adanyada. Ankayenda khosi lili m'mwamba. Ankadziuza kuti mwamuna wangokwiya chifukwa cha madzi aja, mtima ukatsika abwerera pamphasa. Paja walira mvula walira matope, koma matopewo iye adachedwa kuwaona.

Adayamba kuwaona pakhasu. Jailosi ankalima ndi dzanja lamanja, uyu ankatsogoza lamanzere. Jailosi ankadana ndi utsi wa fodya, uyu madzulo ankapichira chingambwe m'khoko la chimanga, zala zikuyenda ngati zidazolowera kalekale. Adayamba kukhosomola chifuwa chouma, chifupi, chonga cholamula. Dzina lija la Ene lidatha. Akakumana naye panjira yopapatiza, ankapatukira m'tchire n'kuyang'ana kumbali mpaka Enelesi adutse. Chakudya chophika iye sankadyera pamaso pake, ankanyamula mbale kukadyera kuseri. Mudzi wonse umadziwa kuti mwamuna sachita zimenezi kwa mkazi wake. Pali munthu mmodzi yekha pabanja amene amapewa mtengwa chotero: apongozi aamuna. Enelesi atazindikira zimenezi adasiya kuvula m'nyumbamo, ndipo mphasa yake adaikokera pafupi ndi chitseko.

Ndipo kudali mawu aja. M'bandakucha wina, nthanda itatuluka, adamva kukanda pachitseko, pansi penipeni, pafupi ndi mutu wake.

"Odi. Ene, ndafika."

Adali mawu a Jailosi, otopa, opepesa monga mwa masiku onse. Enelesi adadzambatuka n'kugwira mpiringidzo. Wa pakampando uja adayankhula osatembenuka.

"Musatsegule. Ndi mphepo imeneyo."

Enelesi adatsegula. Panja padali nkhungu yokha ndi galu, amene ankalira chapansipansi akuzungulira malo opanda kanthu. Adaitana mpaka mawu kusasa. M'nyumba simudamveke kuyetsemula, mudangomveka kachifuwa kaja ndi khasu likuchoka pakhoma.

M'mawa mwake mawuwo adamvekera pankhokwe. Patapita masiku adamvekera kumathero a bwalo. Kenako kunjira ya kudambo, ochepa ngati a mwana wa mbuzi wosochera. Munthu wogogoda osatsegulidwa amatopa, ndipo Enelesi ankamva ndi makutu ake kuti mwamuna wake akutopa.

Adayesa zonse kuti wa pakampandoyo agone. Adamuphikira chakudya cholemera, adafunditsa nyumba ndi makala, adayala mphasa yatsopano n'kukagona yekha kukhitchini. Pobwera m'mawa mphasa idali yosakhudzidwa. Iye mwini adasiya kugona, poopa kuti munthuyo angasinze iye osaona. Maso adalowa m'kati, miyendo idatupa. Adapita kwa a Nangozo kuti amuthandize nzeru, ndipo zimene adaona kumeneko zidamuimitsa kuseri kwa mpanda.

Munthu uja adali pakhonde la a Nangozo, miyendo atatambasula ngati mwini nyumba. A Nangozo adatuluka ndi madzi osamba m'manja. Adali atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, tsitsi atapesa. Adafika pamaso pake n'kugwada, mawondo onse awiri pansi, mutu atazolika. Adamuthirira madzi, n'kunena kanthu kena chapansipansi, n'kuseka ngati namwali.

Kodi mudaonapo mayi akugwadira mwana wobereka yekha?

Enelesi adadikira kuti munthuyo abwerere kumunda, n'kulowa osapempha odi.

"Amayi, amene uja ndani?"

"Ukufunsa ine? Unamudzutsa ndiwe."

"Mwana wanu akulira kudambo m'mawa uliwonse. Simukumumva?"

A Nangozo adapitiriza kupukuta mbale. "Makutu anga anakalamba."

"Munadziwa! Munadziwa kuyambira kale kumene amapita, koma munanditenga kwathu osandiuza, kuti ndizikukhalirani pakhonde ngati chitsiru! Amamulimitsa ndani usiku?"

"Bambo ake anafa khasu lili m'manja, munda utalimidwa theka. Sanali munthu wosiya ntchito pakati. Basi, zimene ndikudziwa n'zomwezo."

"Ndiye ndithandizeni agone, Jailosi alowe."

A Nangozo adayang'ana kunja, kumene chimanga chawo chidali chitabiriwira mpaka kuphiri, kwa nthawi yoyamba chifereni amuna awo.

"Tidikire apalire kaye," adatero.

Enelesi adatuluka mwaukali. Apalire kaye! Akapalira adzati abandire kaye, akabandira adzati akolole kaye, ndipo pofika nthawi imeneyo kudambo kudzakhala kuli zii. Adalumbira m'mtima kuti mwana ali m'mimbayo sadzatchula munthu wa pakampando uja kuti bambo.

Adafunsa mochenjera kwa mayi wina wofulula mowa kuti malemu a Dzonzi ankakonda chiyani ali moyo. Mayiyo adaseka. "A Dzonzi? Khasu ndi masese. Tulo analibe munthu uja, koma akamwa chipanda cha masese ankagona ngakhale pamaliro." Enelesi adagulitsa nkhuku yake yoikira, n'kugula mowa wamasese wowira bwino, chidebe chodzaza. Madzulo adachiika pafupi ndi kampando, chikho chili pamwamba, iye n'kukakhala pamphasa yake ngati sakudziwa kanthu. Pamene ankalowa nacho, a Nangozo adali pabwalo akutsekera nkhuku. Adachiyang'ana chidebecho, adamuyang'ana mtengwa wawo nthawi yaitali.

Munthu uja adanunkhiza. Adakhosomola. Adatunga chikho choyamba ngati wosafuna, chachiwiri mofulumira, ndipo kenako adasiya chikho n'kunyamula chidebe. Atamaliza adayamba kung'ung'udza nyimbo yakale ya ngoma, imene Enelesi adali asanaimvepo. Nyimboyo idayamba kuduka. Mutu udagwera kukhoma. Kenako mudamveka mkonono waukulu, wokoka ngati macheka, umene m'nyumbamo udali usanamvekepo.

Enelesi adanyamuka mwakachetechete, adachotsa mpiringidzo, adatsegula chitseko chonse n'kuchitchinga ndi mwala. Adakhala pamphasa atatsamira khoma, maso ali kunjira ya kudambo, kuti nthanda ikangotuluka ayambe kuitana. Mtima wake udapepuka koyamba m'masabata ambiri. Ndipo apa ndi pamene thupi lidamupereka. Mkazi amene khoswe ankamudzutsa, amene chibadwire dzuwa lidali lisanamupeze pamphasa, adagona tulo tofa nato.

Adadzidzimuka ndi mawu.

"Ene. Ene, ndikubwera."

Ankamvekera pafupi, cha kunkhokwe, ndipo ankayandikira. Galu ankalira mokondwa. Mkonono udali ukupitirira pakona. Koma m'nyumba mudali mdima bii. Chitseko chidali chotseka.

Enelesi adachikankha, sichidasunthe. Adapapasa mpiringidzo, udali pansi pomwe adausiya. Adasuzumira pamng'alu n'kuona waya atakulungidwa pachogwirira cha kunja, ndiponso msana wa munthu atakhala pansi, atatsamira chitsekocho.

"Amayi?" Adanong'ona, poopa kudzutsa wogonayo. "Amayi, masulani. Wafika."

"Ndamumva."

"Ndiye masulani msanga, kukucha!"

"Sindimasula."

Enelesi adaluma dzanja lake kuti asakuwe. Mawu adatuluka pakati pa mano. "Ndi mwana wanu uyo. Mwana wanu!"

"Usandiuze za mwana wanga, ndinamubereka ndine." Msana wa a Nangozo sudachoke pachitseko. "Zaka zonsezi amene ankakhala pakhonde kumuitana ndi ndani? Ndamuitana njala ili m'mimba, nkhokwe ili pululu, anthu akundiseka pamaliro ndi paukwati pomwe. Iwe miyezi yowerengeka watopa, n'kumuthira madzi. Ine ndinapirira. Chaka chino ndikolola."

"Mukolola ndi mtembo wa amuna anu utavala khungu la mwana wanu! Mfiti inu!"

"Tukwana. Khomo unatsegula ndiwe, ine ndangolitseka."

Mapazi adamveka pabwalo, okoka, olemera ndi matope. Adafika pa sitepe ya khonde n'kuima. Mawu adamveka pafupi kwambiri, moti Enelesi adamva kupuma kwake.

"Amayi, tasunthani pang'ono ndidutse. Ndatopa."

A Nangozo adalira, kulira kwenikweni, kosatulutsa mawu. Kenako adati: "Bwerera, mwana wanga. Kuno kulibe malo."

"Ene? Uli momwemo? Pepa, ndachedwanso."

Enelesi adayesa kulowetsa zala pamng'alu kuti afike pawaya, zikhadabo zidathyoka. Adayesa kunyamula chitseko kuti chichoke m'mahinjesi, mimba idamukoka mpaka adagwada. Adayang'ana kazenera, n'kosakwana ndi mutu womwe. Kunja kudayamba kuyera. Tambala wa kwa aneba adakupiza mapiko.

"Dikirani," adanong'ona pamng'alu. "A Jailosi, dikirani pang'ono, musachoke. Ndikupeza njira."

Koma mapazi aja adatembenuka. Adawamva akutsika sitepe, akudutsa pamtondo, akulowera kunkhokwe, galu akuwatsatira ndi kulira.

Akadakhala wina, mwina akadadekha, n'kudikira tsiku lina, n'kugula chidebe china. Kapena ayi, poti a Nangozo sakadalolanso masese kulowa pakhomopo. Ine sindimuweruza. Chimene ndikudziwa n'chakuti Enelesi adamva mwamuna wake akuchoka atapepesa, ndipo zonse zimene adameza chibwerereni m'mudzimo zidakwera nthawi imodzi. Adapapasa kuseri kwa chitseko, dzanja lidagwira mpini wosalala uja.

Adatema chitseko. Phokoso lidamveka mudzi wonse, ndipo pakona mkonono udaduka. Enelesi adamva kuti waduka, adadziwa chimene wachita, koma manja sadaime. Adatema, adatema, akukuwa dzina la mwamuna wake, mpaka thabwa lidang'ambika, waya n'kuthothoka. A Nangozo adakwawira kumbali atagwira mutu.

Adatuluka khasu lili m'manja. Adathamanga mpaka kumathero a bwalo, mimba ataigwira ndi dzanja limodzi.

"Jailosi! Ndatsegula! Bwerera, ndatsegula!"

Njira ya kudambo idali yokha. Udzu wa m'mbali udali utagona, mame atakutumuka, ngati padutsa munthu posachedwa. Ndaona adali atakhala pakati pa njira, mchira uli pansi, ndipo sadayang'anenso kudambo. Enelesi adaitana mokuwa, adaitana chapansipansi monga adamuphunzitsira, adaitana mpaka dzuwa lidagunda nsonga za bulugamu. Anthu adatuluka m'nyumba zawo n'kuima patali, osayandikira. Kudambo sikudachoke yankho.

Kumbuyo kwake kudamveka kachifuwa kouma.

Munthu uja adali ataima pambali pa njira, m'udzu, nkhope atatembenuzira kumbali mwaulemu. Adatambasula dzanja lamanzere, osamuyang'ana.

"Pepani apongozi," adatero. "Mundipatseko khasulo. Kwacha."